Mafayilo a pa seva tiziika pati, ndipo makiyi ake akhale ndi ndani?

Foni inalira 7 koloko isanakwane, malata atayamba kale kutentha monga amachitira mu Okutobala. Anali ahedi a pasukulu ina ya kufupi ndi Bangula, kumene ndinaikako kaseva kosungira mabuku ndi malikisi a ana.

"Achimwene, makina anu aja atikana. Kompyuta yayaka bwinobwino, koma tikatsegula tsamba lija likungolemba kuti error."

Ndinakwera minibasi pa Nchalo, kudutsa Ngabu, thukuta lili kamukamu, n'kukafika masana. Vuto lake linali laling'ono zedi. Tsiku loika pulogalamuyo ndinapanga foda pamanja mu /var/run kuti muzikhala socket yake, kafayilo kamene mapulogalamu amalankhulirana kudzera mwa iko, ndipo zinayenda bwino masabata angapo poti batire la sola linali lisanatherepo. Usiku umenewo linatha, seva inazima, ndipo poyakanso foda ija kunalibe. Pa Linux ya masiku ano /var/run ndi khomo chabe lolowera ku /run, ndipo /run imakhala mu RAM. Moto ukangothima, zonse za m'menemo zapita. Malikisi a ana anali osakhudzidwa, koma aphunzitsi anataya theka la tsiku chifukwa cha chinthu choikidwa pamalo posayenera.

Kuno ku Chigwa cha Shire nkhani imeneyi si ya m'mabuku. Namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka, ndipo aliyense wosamala makina anaona mmene seva imakhalira ikamazima kawiri katatu pa tsiku. Onjezanipo kutentha kopitirira madigiri 40 kwa ku Ngabu ndi Nsanje, ndi madzi osefukira monga a mu Januwale 2015 ndi a Freddy mu Malichi 2023. Seva yathu iyenera kukonzedwa ngati chinthu chimene chizizima mosayembekezeka, ndiponso chimene tsiku lina tidzachinyamula pamutu kuthawira nacho kumtunda.

Pulogalamu iliyonse ya pa seva ili ndi katundu wa mitundu inayi. Pali code yake, imene siyenera kusintha pokhapokha pamene tikuika yatsopano. Pali config, fayilo ya malangizo mmene mumakhala pasiwedi ya database ndi zina zotero. Pali deta imene pulogalamu imalemba tsiku ndi tsiku, monga mayina a ana, malikisi ndi zithunzi. Pomaliza pali tinthu ta kanthawi, monga socket ndi fayilo ya PID (yosunga nambala ya pulogalamu ikamayenda), tokhala ndi ntchito pokhapokha pulogalamu ikuyenda. Pa chilichonse mwa izi ndimadzifunsa mafunso awiri: ndani ayenera kulembamo, ndipo chikatayika tilira kapena ayi? Mlimi wa kudimba amadziwa kale yankho lake. Msasa wa m'mbali mwa Shire ukapita ndi madzi amangomanga wina, koma mbewu yodzala chaka chamawa saisiya mumsasamo.

Tisanayerekeze njira zosiyanasiyana zoikira katunduyu, tione kaye za zilolezo, chifukwa apa ndi pamene ambiri timagwera. Mukalemba ls -l mumaona zinthu ngati -rw-r----- kumayambiriro kwa mzere, kenako dzina la mwini ndi dzina la gulu. Zilembo zisanu ndi zinayi zotsatira chizindikiro choyambacho zagawidwa patatu: za mwini fayilo, za gulu lake, ndi za wina aliyense wotsala. Kuwerenga ndi 4, kulemba ndi 2, kuyendetsa ndi 1, ndipo mumangophatikiza. Choncho 640 ikutanthauza kuti mwini awerenge ndi kulemba, gulu liwerenge chabe, ena onse asakhudze. Pa foda tanthauzo limasintha pang'ono, ndipo ndi pofunika kumvetsa. 1 pa foda ndi chilolezo cholowamo, 4 ndi choona mayina a zimene zili m'katimo, pamene 2 ndi choikamo ndi kuchotsamo zinthu. Munthu amene ali ndi chilolezo cholowa ndi kulemba mufoda angathe kufufuta fayilo imene si yake, ngakhale fayiloyo itakhala 600 ya root, akaunti yaikulu yolamula makina onse. Loko wa pa sutikesi sathandiza ngati wakuba angathe kunyamula sutikesi yonseyo.

Ndiye pali 777, yolola aliyense kuwerenga, kulemba ndi kuyendetsa. Pulogalamu ikangonena kuti Permission denied, mnyamata amene waphunzira pa YouTube amalemba chmod -R 777, zinthu n'kuyamba kuyenda, iye n'kulandira yake n'kumapita. Ndikamadandaula, ena amandifunsa kuti, "Kuno kumudzi, seva yopanda intaneti, wakuba achokera kuti?" Koma Wi-Fi ya pasukulu amalowapo ana a Fomu 4 ndi mafoni awo, ndipo pakati pawo salephera kupezeka mmodzi wochenjera amene akudziwa kuti malikisi ake ali m'kabokosi kameneko. Ndipo choopsa kwambiri si munthu ayi, ndi pulogalamu yomweyo. Ikakhala ndi chilema, imawononga paliponse pamene yaloledwa kulemba. Ngati yaloledwa paliponse, ndiye kuti paliponse pali pangozi.

Zonse mufoda imodzi

Njira imene ndimaipeza kwambiri ndikamayenda m'masukulu, m'makopaletivi a alimi a thonje ndi m'timaofesi ta pa Dyeratu kapena pa Nsanje Boma ndi iyi: code, config, zithunzi ndi database ya SQLite, zonse zili mu /var/www/html. Sindiinyoza kotheratu. Munthu amaona zonse pamalo amodzi, ndipo akafuna kusamutsa amangokopera foda imodzi. Poyesera pulogalamu pa laputopu yanu, palibe cholakwika.

Pa seva imene anthu akuidalira, mavuto ake ndi atatu ndipo onse ndi aakulu. Chilichonse chili mufoda imeneyo, web server, pulogalamu yogawira masamba monga Apache kapena nginx, ingathe kuchipereka kwa aliyense wodziwa dzina lake. Wina akasunga config yakale n'kuitcha config.php.bak, msakatuli amaionetsa ngati kalata wamba, pasiwedi ili poyera. Chachiwiri, poti pulogalamu iyenera kulemba zithunzi mufodamo, anthu amaipatsa www-data, akaunti ya web server, mphamvu pa foda yonse, ndiye wina akakwanitsa kulowetsamo fayilo ya PHP m'malo mwa chithunzi, seva imaiyendetsa ngati code yake. N'chifukwa chake opanga Moodle, pulogalamu yophunzitsira kudzera pa tsamba, amalangiza kuti foda ya moodledata ikhale kunja kwa malo amene web server imagawira anthu. Chachitatu chimabwera tsiku loika pulogalamu yatsopano. Munthu amafufuta foda yakale kuti aike ina, osakumbukira kuti kaundula wa alimi wa zaka zitatu anali momwemo. Zimenezi ndinazipezapo pa kopaletivi ina, mlembi wake atagwira mutu, nthawi yogula thonje itayandikira.

M'nyumba mwa munthu

Ena amaika zonse mu /home ya amene akuyang'anira makinawo. Mapulogalamu ena amachita zimenezi okha. Kolibri, imene imagwiritsidwa ntchito pophunzitsa popanda intaneti, imasunga zake mufoda ya .kolibri m'nyumba mwa akaunti imene ikuiyendetsa, pokhapokha mutailozera kwina ndi KOLIBRI_HOME. Ubwino wake ngwakuti simufunika root pa chilichonse, ndipo deta ili kutali ndi web server.

Chimene sindikonda ndi chakuti zinthu za sukulu zimamangiriridwa pa dzina la munthu. Aphunzitsi amasamutsidwa. Lero ali ku Makhanga, chaka chamawa ali ku Chapananga, ndipo wobwera m'malo mwawo akachotsa akaunti yakale ndi userdel -r, foda yonse ya m'nyumbamo imapita. Komanso pulogalamu yoyenda m'dzina la munthu imafika pa zonse za munthuyo, makiyi ake a SSH, olowera pa makina ali kutali, ndi makalata ake omwe. Kuyambira Ubuntu 21.04, mafoda atsopano a mu /home amabadwa ndi 750, kotero www-data singalowemo. Tsamba limangoti 403 Forbidden, ndipo dzanja limathamangiranso ku 777. Ngati mwasankha njira iyi, pangani akaunti ya pulogalamuyo payokha, osati ya mphunzitsi.

Kugawa chilichonse pamalo pake

Iyi ndi njira imene Debian, Ubuntu ndi Fedora amatsata, yolembedwa mu Filesystem Hierarchy Standard, imene mtundu wake wa 3.0 unatuluka mu 2015. Config ipite ku /etc, deta yokhalitsa ku /var/lib, malogi ku /var/log, zimene zingapangidwenso ku /var/cache, za kanthawi ku /run, ndipo code imene mwaika nokha ku /opt kapena /usr/local. Onani mmene pulogalamu ya database ya PostgreSQL imakhalira pa Debian: malangizo ake ali mu /etc/postgresql, deta ili mu /var/lib/postgresql, socket ili mu /run/postgresql. Ndipo ndi yokhwima pa nkhani ya zilolezo. Foda yake ya deta ikakhala yotseguka kuposa 700 kapena 750, imakana kuyaka. SSH nayo imakana kugwiritsa ntchito kiyi yachinsinsi imene ena angathe kuiwerenga. Anthu amakwiya nazo, koma ine ndimaona kuti mapulogalamu amenewa akutiphunzitsa khalidwe.

Tinene kuti pulogalamu yathu dzina lake ndi sukulu. Choyamba mumapanga akaunti yake ndi useradd --system --shell /usr/sbin/nologin sukulu, akaunti imene munthu sangalowe nayo pa kiyibodi. Code mu /opt/sukulu ikhale ya root, mafoda 755, mafayilo 644, kuti pulogalamu iziwerenga koma isamadzisinthe. Foda ya /etc/sukulu ikhale ya root, gulu sukulu, 750, ndipo fayilo ya config m'katimo 640. Pulogalamu iziwerenga pasiwedi yake, koma isathe kulembamo, ndipo akaunti zina zisaione n'komwe. Ndi mmene Debian imasungira /etc/shadow, ya root, gulu shadow, 640. Malo okhawo amene akaunti ya sukulu ili mwini ndi /var/lib/sukulu ndi /var/log/sukulu, onse 750.

Funso limene limabwera nthawi zonse ndi ili: nanga ahedi akafuna kusintha dzina la teremu kapena chizindikiro cha sukulu kudzera pa tsamba, pulogalamu ilemba kuti ngati /etc yatsekedwa? Yankho ndi lakuti zimenezo si config ya wosamala seva, ndi deta. Chilichonse chimene pulogalamu imalemba yokha, ngakhale chioneke ngati malangizo, malo ake ndi /var/lib kapena mu database. Mukaona pulogalamu ikupempha kulemba mu /etc tsiku ndi tsiku, dziwani kuti wopanga wake anasakaniza mbewu ndi chakudya.

Za /tmp ndinene mwachidule. Zilolezo zake ndi 1777, ndipo 1 woyambayo amaletsa munthu kufufuta fayilo ya mnzake. Koma ndi pabwalo, aliyense amapitapo, ndipo makina amasesapo okha, ena poyaka, ena pakapita masiku. Musasungepo chilichonse chimene mudzachifune mawa.

Kuipa kwa njira iyi n'kwakuti imafuna kudekha. Malo ndi ambiri, malamulo a chown ndi chmod, osinthira mwini ndi zilolezo, ndi angapo, ndipo kuphonya limodzi ndiye ulendo wa minibasi uja. Foda ya mu /run, makamaka, simungaipange kamodzi n'kuiwala. Iyenera kupangidwanso nthawi iliyonse seva ikayaka.

Kusiyira systemd kuti izipanga yokha

Apa ndi pamene ndaima ine, ndipo sindibisa. Malo ake ndi omwe aja a njira yachitatu, koma wopanga mafoda ndi kugawa umwini ndi systemd, pulogalamu yoyatsa ndi kuyang'anira mapulogalamu ena pa Linux, imene Debian inayamba kugwiritsa ntchito ndi mtundu 8 ndipo Ubuntu ndi 15.04, zonse mu 2015. Mufayilo ya /etc/systemd/system/sukulu.service, m'gawo la Service, mumalemba mizere iyi:

User=sukulu
Group=sukulu
StateDirectory=sukulu
StateDirectoryMode=0750
RuntimeDirectory=sukulu
LogsDirectory=sukulu
UMask=0027
ProtectSystem=strict

Pulogalamu ikamayaka, systemd imaonetsetsa kuti /var/lib/sukulu, /run/sukulu ndi /var/log/sukulu zilipo ndipo mwini wake ndi akaunti ya sukulu. Ya mu /run imapangidwa poyaka, n'kuchotsedwa pozima. Mzere wa RuntimeDirectory wokhawo ukanandipulumutsa ku ulendo wa ku Bangula. Wa StateDirectoryMode musausiye, chifukwa popanda iwo foda imabadwa 755 ndipo akaunti iliyonse ya pa makinawo ingathe kulowamo. UMask=0027 imachititsa kuti mafayilo atsopano asakhale owerengeka ndi anthu akunja kwa gulu. ProtectSystem=strict imaika disiki yonse pa kuwerenga kokha m'maso mwa pulogalamuyo, kupatula mafoda amene mwaipatsa aja. Ndiye ngakhale wina anasiya 777 penapake zaka zapitazo, pulogalamu yanu siingalembepo.

Pali kanthu kena kamene kamandisangalatsa. Ulipo mzere wa ConfigurationDirectory, umene umapanga foda mu /etc, koma mosiyana ndi ina ija, foda imeneyi systemd siipereka kwa akaunti ya pulogalamu. Imakhalabe ya root. Opanga ake anaganiza monga momwe tanenera pamwambapa.

Ndipo kwa ife amene timasunga deta pa disiki yapadera, pali phindu lina lalikulu. Ambiri tikugwiritsa ntchito kakompyuta ka Raspberry Pi poti imadya moto wochepa ndipo sola yaing'ono imaikwanira, koma khadi yake ya SD sichedwa kuwonongeka ikamalembedwa kosalekeza ndi kuzimiridwa magetsi ili pakati pa kulemba. Nzeru yabwino ndi kulumikiza SSD pa USB, n'kuilemba mu /etc/fstab, mndandanda wa madisiki okwera seva ikayaka, pogwiritsa ntchito UUID yake, nambala yoizindikirira, kuti izikhala pa /var/lib/sukulu. Ngozi yake ndi iyi: tsiku lina chingwe chikakhwepa, disiki sikwera, pulogalamu imapeza foda yopanda kanthu, n'kuyamba database yatsopano pa khadi ija. Aphunzitsi amalowetsamo malikisi a sabata yonse, kenako disiki ikabwerera mumakhala ndi makaundula awiri osagwirizana. Mukalemba StateDirectory, systemd imadikira kuti disiki ya pamalo amenewo ikwere kaye, ndipo ikalephera pulogalamu siyaka. Kuli bwino ahedi andiimbire kuti makina akana, kusiyana n'kuti ayende molakwika mwakachetechete.

Ena amakonda kuwonjezera DynamicUser=yes, kuti systemd izipanga akaunti yokha nthawi iliyonse. Ndi yotetezeka ndithu, koma deta imasamukira ku /var/lib/private, ndipo pamalo akale pamangotsala cholozera. Munthu wosadziwa akamapanga backup amakopera cholozeracho n'kumayesa kuti watenga zonse. Pamalo pamene wodzakonza pambuyo panga angakhale mwana woti wangomaliza kumene maphunziro a kompyuta, ndimaisiya.

Docker

Docker, imene imayendetsa pulogalamu m'kabokosi kake kake kotchedwa container, ili ndi malo ake, makamaka pa mapulogalamu akuluakulu ofuna zinthu zambiri. Koma siichotsa funso lathu, imangolisamutsa. Chimene pulogalamu yalemba m'kati mwa container chimapita container ikachotsedwa, ndiye deta iyenera kukhala pa volume, mu /var/lib/docker/volumes kapena mufoda imene mwasankha. Umwini umayendera manambala, osati mayina, kotero akaunti ya m'kati ndi ya kunja zikasiyana nambala, Permission denied ija yabweranso. Aliyense amene mwamuika m'gulu la docker ali ngati root. Ndipo kukoka ma image, mitolo yopangira container, a mamegabayiti mazanamazana pa bandulo ya foni, netiweki ikubwera n'kumapita ngati ya kutsidya ku East Bank, si ntchito imene ndingaipatse sukulu ya pulogalamu imodzi.

Tsiku lothawa madzi

Njira zonsezi zimayesedwa kwenikweni pa backup. Mukagawa bwino, zoti munyamule ndi ziwiri zokha, /etc/sukulu ndi /var/lib/sukulu, kuphatikizapo fayilo ya service ija. Code muitenganso kwina, malogi angatayike, za mu /run zilibe ntchito. Ngati pali PostgreSQL kapena MariaDB, musakopere mafayilo ake ikuyenda. Gwiritsani ntchito pg_dump kapena mysqldump, n'kusunga chimene chatuluka.

Msampha womaliza uli pa fulashi. Mafulashi amene timagula pamsika wa Nchalo amabwera ndi FAT32 kapena exFAT, ndipo mitundu imeneyi sidziwa za mwini, gulu kapena 640. Mukakopera mafoda mwachindunji, zilolezo zonse zimatsala m'mbuyo, ndipo pobwezera mudzapeza chilichonse chili ndi mwini mmodzi ndi zilolezo zofanana, config ya pasiwedi ili poyera. Mangani kaye mtolo ndi tar muli root, mwachitsanzo tar -czpf sukulu.tar.gz /etc/sukulu /var/lib/sukulu, chifukwa tar imalemba umwini ndi zilolezo m'kati mwa mtolowo. Kumbukirani kuti FAT32 silandira fayilo yoposa 4 GB, ndiye ngati muli mavidiyo ophunzitsira sankhani exFAT kapena ikani ext4. Kumbukiraninso kuti mtolowo uli ndi pasiwedi ndi mayina a ana a eni. Fulashi imeneyo si yobwereketsa kukajambulira nyimbo za ukwati. Mmodzi akhale nayo, ndipo isagone m'chipinda chimodzi ndi seva. Pasukulu ija ilipo ziwiri, imodzi kwa ahedi, ina kwa mayi wina wa komiti amene nyumba yawo ili kumtunda, kumene madzi sanafikepo.

Masiku ano ndisanachoke pamalo pamene ndaika seva, ndimachita zinthu zitatu. Ndimalemba sudo -u sukulu touch /etc/sukulu/yesa, ndipo ndimafuna kuona Permission denied. Ndikaona kuti yalola, ndiye kuti ntchito sinathe. Ndimalemba namei -l pa njira ya fayilo ya config, kuti ndione mwini ndi zilolezo za foda iliyonse kuyambira pamwamba. Kenako ndimaitana mwini malo.

"Ahedi, tabwerani muzimitse nokha, kenako muyatsenso. Ine ndikhala apa, sindigwira kanthu."

Iwo amazimitsa, timadikira pakhonde mphindi zingapo tikumwa madzi a mu mtsuko, amayatsanso, n'kutsegula tsamba pa foni yawo. Likatseguka, ndimalemba m'kope lokhala pambali pa seva malo a mafoda ake, dzina la akaunti ndi tsiku, n'kunyamula chikwama kukadikira minibasi pa M1.